Nambala ya Matenda a Irene

Zipora anagwira dzanja la apongozi ake supuni ya mankhwala azitsamba isanafike pakamwa pa khanda.

"Mwana wanga samwa zimenezi, amayi."

Khandalo, Irene, ali pamiyendo pa mayi ake, ankapuma ndi kaphokoso kake ka masiku onse, ngati wenzulo wong'aluka.

"Ndi tsempho ili!" apongoziwo anakweza mawu kuti mdadada wonse wa nyumba za lendi ku Mgona umve. "Mwana salira pakhosi chonchi mayi wake akapanda kuyenda ndi amuna ena. Ungoulula basi."

Zitseko zinayamba kutseguka. Shepherd, mwamuna wa Zipora, anangoti zyoli, maso pa jombo zake zogwirira ntchito ku Kanengo.

Zipora sanasiye dzanja lija.

"Adokotala anamuunika. Njira yake yopumira ndi yofewa, anabadwa nayo choncho, ndipo idzalimba akamakula. Matendawa ali ndi nambala yake m'kompyuta ya kuchipatala, Q31.5. Ana a ku Joni, a ku India, nambala ndi yomweyo. Amayi awo onsewo ndi oyendayenda?"

Analanda supuni ija, naikweza m'mwamba kuti aliyense aione.

"Ndiuzeni nambala ya tsempho lanulo, amayi. Mukaitchula, ndimumwetsa ndekha."