A Mbewe Alowa mu Foni

"Kokani mpweya pang'onopang'ono, ba Mbewe," anatero Mapalo, wophunzira za fizo, ntchito yolimbitsa matupi a odwala, atawagwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima.

A Luckson Mbewe anamvera mokondwa. Chiwapezereni matenda a mtima, Lachisanu lililonse ankapita kukoleji kuti ophunzira aone mmene wodwala wotere amamuchititsira mafizo. Kunyumba kwawo ku Kafue Estates kunalibe wowafunsa mmene adzukira. Akazi awo adamwalira, ana ali ku Kitwe. Koma kuno achinyamata makumi awiri ankawazungulira, kuwafunsa ngakhale zimene adya.

Tsikulo m'kalasi munali kamera yowajambula vidiyo. A Mbewe anayenda, anakwera masitepe, anafotokoza za phuma lawo mpaka onse kuseka.

Pomaliza, mphunzitsi, mayi Anastazia, anawaperekeza pakhomo.

"Mwatithandiza maningi, atate. Manje ana a sukulu azikuonani pa intaneti, m'kalasi aziyeserera okhaokha. Simuzavutika futi kubwera."

"Sinivutika ine, mayi."

"Awe, mupumuleko. Mtima wanu ufuna kupumula."

Lachisanu lotsatira anadzuka m'mawa monga mwa chizolowezi, nasita malaya. Kenako anakhala pakhonde, akuona maminibasi a ku Lusaka akudutsa. Masana foni inalira. Unali uthenga wa Mapalo: "Ba Mbewe, lelo takuonani katatu. Muoneka bwino maningi!"

Anauwerenga kawiri. Poyankha analemba kuti, "Mubwereko kunyumba." Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anafufuta, nalemba kuti, "Zikomo, mwanangu. Muphunzire bwino."