Phala la Mbendera Yofiira

Kuchipululu kuno mphepo yotentha ikayamba, amakweza mbendera yofiira, ndipo kusonkha moto kumakhala mlandu. Woulula utsi amalandira madzi a wolakwayo. Timangodya chinangwa chachiwisi.

Dzulo amuna anga, a Dzimbiri, anandichonderera. "Nangondo, zosaphikazi m'mimba mwakana. Ndiphikireniko kaphala, palibe aone."

Ndinayatsa mbaula kuchipinda, mawindo otseka, thukuta lili kamukamu. Anadya mpaka kunyambita supuni.

M'mawa uno alonda a moto abwera kudzatseka mpopi wanga. Nditafunsa amene wandinenera, alondawo angotseka mpopiwo n'kumapita.

Masana ndawaona a Dzimbiri atakweza zigubu zodzaza panjinga, akulowera kwa mkazi wawo wamng'ono. Mbale yawo ya phala ikadali pano. Ndilibe madzi oitsukira.