Mwana Wonyowetsa Matiresi

Matiresi anali atanyowanso. Mayi anawagwira ndi chikhatho, n'kununkhiza, mtima n'kuwira. Mwezi wachitatu tsopano! Mwana wa zaka zinayi, wolongolola ngati wailesi, woti matewera anasiya kalekale, n'kumachita zimenezi m'mawa uliwonse?

Zinayamba khanda litangobadwa, pamene mnyamatayo anamuchotsa kuchipinda kwa makolo ake kuti azikagona bedi limodzi ndi agogo ake aamuna. Nesi wa kusikelo anati ndi nsanje chabe, ana amatero akaona kuti alandidwa malo. "Musamumenye, mayi. Muzimuyamikira tsiku limene wadzuka wouma." Kumuyamikira! Tsiku lake liti? Kuyankhula n'kosavuta ngati mabulangete sukuchapa ndiwe.

Palibe chimene mayiyo sanayese. Anamumana madzi kuyambira madzulo. Anamusenzetsa bulangete lonyowa mpaka pachingwe, ana a nyumba zoyandikana akuonerera. Anawo anamupatsa dzina loti Mvula, ndipo posakhalitsa mayi ake omwe ankamuitana choncho. Lamba nayenso anagwira ntchito yake. Mwana uja kulongolola kunatha, anayamba kuyenda chogwira khoma, koma matiresi osauma.

Apongozi ake, agogo a mwanayo, ndiwo ankamukwiyitsa kwambiri mayiyo. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, munthu waukhondo wake, wodzuka tambala asanalire n'kuchapa yekha zovala zake, osalola munthu kuzikhudza. Mwana akamamenyedwa iwo ankangoyang'ana pansi. "Musiyeni mwana, mayi," ankatero ndi mawu ozizira, kenako n'kumupatsa switi mobisa. Switi, kwa mwana wokodzera pogona! Kulera kwanji kumeneko?

Dzulo lake mayiyo anali atalumbira pamaso pa onse. "Ukangochitanso mawa, ukupita kwa azakhali ako. Ukakhale komweko, ine ndatopa nawe." Mwana anamugwira mwendo akulira, iye n'kumukankha.

Ndiye lero zatheka. Anatenga kachikwama n'kuponyamo makabudula awiri, malaya atatu ndi nsapato zimene zinayamba kale kumuthina. Misozi inkafuna kubwera koma anaibweza. Mwana wosamva samusekerera.

"Mvula!"

Zii.

Anasuzumira pawindo. Apongozi anali pampopi, ataweramira beseni lawo monga mwa masiku onse.

"Bambo, mwana uja mwamuonako?"

"Ayi, mayi," anayankha osadzutsa mutu.

Mayi anayang'ana kuseri kwa chitseko, kunsi kwa bedi, kubafa. Wabisala, wakuba amadziwa mlandu wake. Ukali unakwera mpaka m'makutu. Anakoka lamba pamsomali n'kulowa m'khitchini.

Anamupeza pansi pa tebulo, atadzipinda pasimenti popanda chofunda, ali m'tulo tofa nato. Anamukoka dzanja. Linali lozizira ngati chitsulo, ndipo tsaya limodzi linali mbuu ndi fumbi la pansi. Mwana atatsegula maso n'kuona lamba, anaphimba mutu ndi manja.

"Amama, musandithamangitse," anatero. "Agogo atangogona ine ndinabwera kuno. Ndagona pano mpaka kucha kuti ndisanyowetse matiresi."

Mayi anagwira kabudula wake. Gwaa, wouma. Anasisita simenti pomwe anagona. Pouma.

Lamba anagwa m'manja. Pawindo anaona apongozi akuyanika thalauzi lawo pachingwe, kuseri kwa mabulangete, switi ya lero ikuonekera m'thumba la malaya.