Mphepo sisanja matailosi

Panali munthu wina kuno ku Bandra, mu Mumbai, dzina lake Savio Pereira. Izi sindinawerenge m'buku ine, ndinaziona ndi maso angawa.

Dera lathuli ndi la anthu a ndalama, koma nyumba zakale za m'kanjira kathu boma linaletsa kugwetsa. Savio amakhala m'nyumba yotero ndi mayi ake, a Filomena.

Tsiku lina kunabwera bwana wina womanga nyumba zosanja, fungo la perefyumu lili guu.

"Achimwene, lamulo likuletsa inuyo, osati mvula," anatero. "Chotsani matailosi padengapo. Nyumbayi ikagwa yokha, malowa ndigula ine."

A Filomena atapita ku Misa, Savio anakwera n'kuchotsa. Poti anali woumira, sanataye. Anawasanja bwinobwino kuseri kwa khitchini kuti adzagulitse.

Mayi aja pobwera anangoona pabalaza pali mbee, padenga pali chibowo.

"Ndi mphepo, amayi," anatero Savio.

"Bwezera, mwana iwe. Bambo ako anabadwira muno."

"Nyumba yankhungu ngati ino? Mudzakhala m'mwamba, amayi, kumakwera pa lifiti!"

"Kumwamba ndidzapita akandiitana Mulungu."

Savio anakana. A Filomena sanalire ayi. Anakoka bedi lawo n'kuliika pansi pa chibowo chija, ambulera ili m'manja. "Ikamagwa iyambire ine."

Mvula yathu ino mukuidziwa, ikayamba sikata. Anzawo a kutchalitchi amabwera ndi mabeseni, kusinthana kutaya madzi, ndipo mbali ya mayiwo inalimba. Kuchipinda kwa Savio nakonso kumadontha, koma kunalibe wotaya madzi. Khoma lake linafewa, kenako linagwera galimoto yake yatsopano, phwaa!

A khonsolo atabwera, Savio anayamba, "Mphepo, bwana..."

A Filomena anagwira mkulu wawo pamkono mpaka kuseri kwa khitchini. "Taonani, bwana. Mphepo ya chaka chino ndi yaulemu, ikachotsa imasanja."

A khonsolo aja anamulamula Savio kuti amangenso khomalo monga linalili, kuchokera m'thumba mwake. Wa perefyumu uja foni anathimitsa. A Filomena mpaka lero ali momwemo, ndipo mvula ikamayandikira amaima pakhonde kuloza ndi ambulera, Savio ali padenga kukonza matailosi.

Phunziro: Mlendo akakuuza kuti boola denga la mayi ako, dziwa kuti iye akagona pouma. Tumizani kwa ana anu onse, makamaka amene ayamba kuyang'ana nyumba ya makolo ngati malo ogulitsa.