Vidiyo ya Maliro Imene Christina Sanaione

Panali bambo wina ku Golomoti, dzina lake Justin, wojambula mavidiyo pa maukwati ndi pa maliro. Zonse ankasunga mu laputopu. Amene anamugulitsa laputopuyo ku Salima anali atagawa diski pawiri: chigawo chaching'ono cha Windozi, chachikulu cha mavidiyo. Anamuuzitsa kuti, "Ikadzavuta, wokonzayo adzafufute chaching'onochi basi. Chachikulu asadzachikhudze."

Mwezi wa Juni kunamwalira mayi wina m'mudzimo. Mwana wawo, Christina, anali ku Joni, mapepala oyendera asanatuluke. Anaimba foni akulira.

"Achimwene, jambulani zonse, kuyambira kunyumba mpaka kumanda. Ndikadzabwera ndidzawaperekeze mayi anga ndi maso."

Justin anajambula, n'kukopera mu laputopu. Khadi ya kamera anaifufuta kuti akajambulire ukwati.

Kutatsala masiku atatu kuti Christina afike, laputopu inayamba kuzima yokha. Justin anadandaula pometetsa, ndipo mlendo wina wodikira minibasi anamva. Anali ndi fulashi yolendewera m'khosi.

"Zazing'ono zimenezo, bigi. Ndikuikirani Windozi yatsopano pompano."

Justin anamutengera kunyumba. Mkazi wake, Esinati, ankayamwitsa mwana pakhonde. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Bambo a Natasha, munthuyu mukumudziwa?"

"Ndi injiniya wa ku Lilongwe."

"Wakuuzani ndani? Dzina lake ndani? Bwanji muyambe mwakopera vidiyo ya maliro ija penapake? Kapena mupite nayo ku Salima mawa."

Mlendoyo anaseka. "Alamu, kompyuta si dimba la tomato ayi."

Justin anachita manyazi. "Inu, tayamwitsani mwanayo."

Fulashi italowa, pa sikirini panabwera mndandanda wa zigawo. Justin ankadziwa ziwiri, koma apa zinaoneka zinayi, zopanda mayina, manambala okhaokha. Anafuna kufunsa, koma panjira anali atadzitama kuti makompyuta anawayamba kalekale.

"Anakudulirani diski chonchi ndani?" anatero mlendoyo. "Tizigawo timeneti ndi timene tikuzimitsa makina. Tiphatikize, chikhale chimodzi."

"Nanga mavidiyo?" anafunsa Esinati, ataima pakhomo.

"Ali m'katimo. Apita kuti?"

Esinati anayang'ana mwamuna wake. Justin anayang'ana pansi, n'kuvomera ndi mutu. Mlendoyo anadina kanayi, mizere yonse n'kusanduka umodzi.

Windozi yatsopano inayaka bwinobwino. Mlendoyo analandira zake, anasiya nambala ya foni, n'kukwera minibasi ya ku Balaka asanamwe n'komwe madzi. Justin atafufuza mavidiyo, anapeza mbee, mulibe ngakhale imodzi. Anaimba nambala ija. Sinkapezeka.

M'mawa mwake anathamangira ku Salima. Wogulitsa uja anayesa tsiku lonse. Anapulumutsa zithunzi zingapo za ukwati wakale, koma vidiyo ya maliro inakana kutseguka.

"Akanangofufuta n'kusiya, bwenzi nditaibweza," anatero. "Koma walembapo zatsopano pamwamba. Ndinakuuzani chiyani, achimwene?"

Loweruka Christina anafika. Asanapite n'komwe kumanda, anabwera kwa Justin ndi azakhali ake awiri. Anakhala pamkeka, anamasula mpango kumutu n'kuugwira m'manja.

"Yatsani, achimwene. Ndimve nyimbo imene anawatulutsira m'nyumba mayi anga."

Justin anangoima chilili, laputopu ili m'manja. Christina anasendera kuti aone bwino sikirini.

Phunziro: Munthu asanakhudze zigawo za diski yanu, koperani zofunika pa fulashi ina. Funsani kuti akufufuta chigawo chiti, ndipo ngati sakuyankha zomveka, tsekani laputopu. Amene simukumudziwa dzina musamupatse zinthu za eni. Komanso mkazi wanu akafunsa funso, muyankheni. Tumizirani abale ndi anzanu onse amene ali ndi kompyuta, asadzaime chilili ngati Justin.