Tizilombo Towerengana

Zenera la chipindacho silinkatseguka. Mayi Telala anali atalikankha ndi phewa, ndi chigongono, ngakhale ndi chidendene cha nsapato, koma ayi ndithu. Pachitseko panali chikwangwani chofiira: wolowa aphimbe kukamwa, wam'kati asayendeyende.

Wodwala anali mwamuna wake, wowotcherera zitsulo. Mayiyo anangobwera kuchipatalako kudzadwazika matenda, koma kudwazikako kunasanduka ndende. Makina ake osokera ankachita fumbi kunyumba, iye ali muno kupukuta thukuta bambo wa ndevu zake. Zinkamuwawa, ndipo Mayi Telala sanali munthu womeza mawu.

"Munkakhosomola ine n'kumati tiyeni kuchipatala, inu amvekere ndi utsi chabe. Lero si izi?"

"Ndinali bwinobwino, mayi. Zinangondigwetsa tsiku limodzi."

"Bodza!"

"Si bodza kwenikweni," anatero dokotala, mtsikana wochepa thupi amene ankalowa osamveka mapazi. "Tizilombo ta m'mapapo mwawomu n'tochenjera. Tikakhala tochepa timangoti phee, munthu n'kumagwira ntchito osadziwa kanthu. Koma kalikonse kamatulutsa kafungo kouza tinzake kuti ndilipo. Fungolo likachuluka, timadziwa kuti takwana. Pamenepo timalavula poizoni tonse nthawi imodzi, n'kudzikuta ndi zonanda kuti mankhwala avutike kulowa."

"Ndiye kuti timachita kupangana ngati anthu a sitalaka?"

"Ee. Timayamba tawerengana kaye."

Mayi Telala anaseka mopanda chimwemwe. Ngakhale tizilombo tili ndi anzake ocheza nawo! Iye wocheza naye anali botolo la diripi, longodontha osayankha.

Masiku ankafanana onse. Namwino ankabwera ndi jakisoni, n'kupita. Tsiku lina anabweretsa timabotolo tiwiri tolavuliramo, kena ka wodwala, kena ka wodwazika. Mayi Telala anakalipa. Iye TB anadwala ali mtsikana, anamwa mankhwala mpaka kumaliza, chotsala ndi kachifuwa kam'mawa basi. Analavula kuti namwinoyo amuchoke.

Kenako bambo uja anayamba kutsitsimuka. Kutentha thupi kunatha. Anayamba kumaliza chakudya, kupempha chowonjezera, mpaka kuimba mluzu. Ataona mwamuna wake akudzudzula mmene miyendo ya bedi anaiwotcherera, Mayi Telala anadziwa kuti munthuyu wachira. Analongedza chikwama tsiku lomwelo, n'kuchiimika pafupi ndi chitseko.

"Ndikangotuluka muno, chipatala ndizidzachiona patali," anatero. "Mukadzadwalanso mudzaitane achemwali anu aja odziwa kulankhula. Ine ndakwana nazo."

"Mwavutika nane, mayi."

"Musandinyengerere. Valani nsapato."

Bamboyo anavala. Anakhala m'mphepete mwa bedi ngati mwana wodikira belu lowerukira. Mkazi wake anaima pazenera, maso ali pamsewu. Minibasi zinkadutsa, mayi wina ankakangana ndi wogulitsa nthochi, ndipo iye anasirira ngakhale mkanganowo. Ankalakalaka mphepo, phokoso, fumbi, chilichonse chosanunkha mankhwala.

Masana dokotala analowa. Anamvetsera pachifuwa cha bamboyo, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kugwedeza mutu.

"Bambo, inu mwachira. Mutha kupita lero."

Mayi Telala anali atakoleka kale chikwama paphewa. Anafika pachitseko, koma dokotala sanasunthe kuti amupatse njira.

"Mayi, tsitsani chikwamacho. Tizilombo tomwe tija tapezeka mwa inu. Tikadali tochepa, koma mapapo anu ali ndi zipsera za TB, sitingadikire kuti tikwane. Bedili tsopano ndi lanu."

Bamboyo anawerama, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. "Tandiuzani, mayi," anatero, "madzi otentha mumakatunga kuti?"