Mchira wa Samoni M'boti la Gus

Leander ndiye anayamba kuuona mchirawo, ukusuzumira pansi pa chisaka m'boti la mng'ono wake Gus. Unali wa nsomba ya samoni. Lamulo limati samoni ikakodwa mu ukonde wa nsomba za khodi uibwezere m'nyanja, kaya yamoyo kaya yakufa.

Linali tsiku lotsegulira nyengo ya khodi pa doko la Bonavista, ndipo botilo linabwera litadzaza. Boti ndi chiphaso chophera nsomba bambo awo anapatsa Gus. Leander, mwana wachisamba, ntchito yake inali kutsitsa mabokosi.

Ataona woyang'anira za usodzi akubwera, Leander anaponda mchirawo ndi jombo kuti aubise.

"Achimwene, musasunthe chonde," Gus ananong'ona. "Ndi ya Loretta, pathupi pamupatsa nkhuli. Akaiona andilanda chiphaso."

Loretta anali mkazi wa Gus, koma woyamba kumufunsira anali Leander.

Woyang'anira uja anasuzumira m'botimo. "Palibe ina yakodwa nawo?"

"Khodi yokhayokha, bwana," anatero Gus.

Pamwamba pa doko bambo awo ankadzitama kwa madoda anzawo. "Mwamuona mwana wanga? Nyanja imamudziwa ameneyu!" Kenaka anakuwa, "Iwe Leander, wangoti njo ngati chitsa bwanji? Nyamula mabokosi a mng'ono wako!"

Leander anayang'ana nsomba zonsezo, kenaka nkhope ya Gus, yomwe inali thukuta lokhalokha m'mphepo yozizirayo.

"Wamva wekha, Gus," anatero motsitsa mawu. "Bambo akuti ndinyamule."

Ndipo anachotsa phazi lake pamchirapo, woyang'anira uja akuona.